Kalavani, chipale ndi nyumba ya kumudzi

Lachiwiri lapitali ndalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a kwathu omwe ali ku Ontario konkuno ku Canada. Apeza ntchito cha ku Barrie, tauni ya kumpoto kwa Toronto, lendi yawakwera pakhosi, ndipo aona kalavani yotchipa pa Facebook, kanyumba kaja ka matayala kokoka ndi galimoto. Funso lawo ndi lalifupi: kodi munthu angathe kugonamo nyengo yonse ya chisanu, kuti ndalama ya lendiyo ipite kukamalizira nyumba kumudzi? Awonjezeranso kuti mayi a kunyumba ndi mwana wa zaka zitatu akuyembekezeka kufika mu January.

Ndinawerenga kawiri, n'kuika foni pansi, n'kukatereka madzi a tiyi. Achimwene, mawu anuwo ndi anga. Ndinawalankhula ndekha mu September 2024, nditakhala pa bedi m'kachipinda ka pansi pa nyumba ya munthu ku Toronto, kope lili pa ntchafu, ndikuwerengera malata. Nyumba yanga ku Dedza inali itafika pa bimu, ikuyembekeza kunyowa mvula chaka chachiwiri. Masamu anga anali okoma zedi: chotsa lendi miyezi 6, folera nyumba, ika mawindo, mwina n'kutsalanso ya pulasitala. Masamu ochitira pamalo ofunda sakana ayi.

Ndinagula kalavani yokoka ya mamita 8 kwa banja lina lomwe linkapita nayo kunyanja nthawi yotentha. Pambali pa chitseko panali chomata chonena kuti ndi ya nyengo zonse zinayi. Ndinachikhulupirira chomatacho ngati momwe timamukhulupirira kondakitala wa minibasi akamati atsala anthu awiri okha inyamuke. Khoma lake, ukaliyeza pa chitseko, ndi la masentimita 5 kapena kuchepera. Mawindo ndi a galasi limodzi, mafelemu ake a aluminiyamu. Mapaipi ndi mathanki ali kunsi, kumene mphepo imadutsa momasuka. Zonsezi ndinaziona tsiku logula, koma kunja kunali dzuwa, masamba a mitengo akufiira mokongola, ndiye maso anaona, mutu sunamve.

Vuto loyamba linali poimika. Malo ambiri oimika makalavani kuno amatseka madzi ndi zipata mu October, chikondwerero chawo cha zokolola chikangodutsa, n'kudzatsegulanso mu May. Komanso matauni ambiri ali ndi malamulo awoawo oletsa kapena ochepetsa kukhala m'kalavani, ngakhale pabwalo pa mnzako amene wavomera. Ine ndinapulumukira kwa mdala wina woweta ng'ombe kumpoto kwa tauni ya Orillia, kupitirira Barrie, yemwe mwana wake ndinkagwira naye ntchito. Anandipatsa malo kuseri kwa shedi ya udzu, ndi soketi ya magetsi ya ma amp 30. Nditamuuza kuti kuzizira sindikuopa chifukwa ndine wa ku Dedza, kumene mu June timadzuka udzu wa kudambo utayera ndi chisanu, mdalayo sanayankhe. Anangolowa m'shedi n'kutuluka ndi fosholo, n'kundipatsa.

Ife a ku Dedza timanyada nacho chisanu chathu, ndipo tikafika ku Salima kapena ku Nsanje timachita ngati tachokera ku Ulaya. Koma chilankhulo chathu chomwe chikanandichenjeza. Chinthu chimenechi tilibe dzina lake lenileni. Baibulo lakale lija limati matalala, ena amati chipale chofewa, ndipo anzanga kuno amangoti sinoo basi. Chinthu chopanda dzina kwanu usamati ukuchidziwa.

Chipale cha dera limeneli chili ndi chifukwa chake, ndipo inu muyenera kuchimvetsa popeza Barrie ali m'njira yake momwemo. Kumadzulo kuli nyanja zikuluzikulu za Lake Huron ndi Georgian Bay. Kumapeto a November madzi a m'nyanjamo amakhala asanaundane, akadali ofundirako kuyerekeza ndi mpweya. Mphepo yozizira kwambiri yochokera kumpoto ikawomba pamwamba pa madziwo imatola chinyezi, ndiye ikafika kumtunda imachikhuthula chonse ngati chipale. Amene munakhalako ku Nkhotakota kapena ku Mangochi mukudziwa momwe mwera umasinthira nyanja m'kanthawi kochepa. Kuno nyanja ndiyo imasintha mtunda. Chodabwitsa n'chakuti chipalecho chimagwa m'mizere yopyapyala, ngati munthu akuthirira ndi khekhe. Tauni ino kuli dzuwa, makilomita 20 kutsogolo sukuona boneti ya galimoto yako.

Kumapeto a November ndi kumayambiriro a December 2024 mzere wotero unakhazikika pa dera la Muskoka, kumpoto kwa Orillia, osasuntha. Ku Gravenhurst kunagwa chipale cha masentimita pafupifupi 140 m'masiku ochepa, msewu wa Highway 11 unatsekedwa, anthu anagona m'magalimoto, ndipo tauniyo inalengeza kuti ili pa ngozi. Ine ndinali kum'mwera pang'ono, kotero chathu chinali chocheperapo, koma mphepo inkachiunjika kumbali imodzi ya kalavani mpaka m'chiuno. Ndinajambula zithunzi, ndinatumiza pa gulu la banja pa WhatsApp, anthu anaseka, ine ndinayatsa hita ya gasi n'kugona.

Cha m'ma 3 koloko usiku kanthu kanayamba kulira pansi pa tebulo. Makalavani ambiri amakhala ndi ka alamu kamene kamanunkhiza mpweya woipa, ndipo kanga kanali katandivutitsapo kale batire litachepa mphamvu. Ndinadzuka mutu ukugunda, thupi lili lefu, mseru uli pakhosi, koma m'bulangete munali mofunda bwino kwabasi. Ganizo loyamba lomwe linandibwerera, ndipo ndikulemba izi manyazi ali nane, linali loti ndikazule kawaya kake kuti ndigone mwamtendere. Pakadafunda padajiwitsa galu. Chomwe chinandiimitsa ndi mutuwo, chifukwa kuwawa kwake ndinkakudziwa. Ndinakumvapo ndili Sitandade 6, usiku wina wa mu July, agogo atalowetsa mbaula m'nyumba.

Chitseko cha kalavani chimatsegukira kunja, ndipo kunjako kunali chipale. Ndinachikankha ndi phewa kangapo mpaka kupeza mpata wotulukira chambali. Nditazungulira ndi tochi ndinapeza kabowo kotulukira utsi wa hita katakwiririka kotheratu. Kutentha kunali kutasungunula kaphanga kakang'ono mkati mwa chipalecho, utsi n'kumazungulira momwemo, n'kumabwerera kolowera mpweya. Ndinazimitsa gasi, ndinasiya chitseko chotsegula, n'kupita kukagogoda kwa mdala uja nditavala jombo ndi zovala zogonera. Mayi a pakhomopo anandikalipira ngati mwana wawo chifukwa chosaimba 911, nambala yoitanira thandizo pa ngozi kuno, ndipo ankanena zoona. Munthu amene wapuma mpweya umenewu mpaka kumva mutu ndi mseru ayenera kuonedwa ndi achipatala, osati kumwa tiyi n'kumati ndili bwino.

Mpweya umenewu, carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'mapapo umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200, kotero thupi limafa ndi njala ya mpweya uku munthu akupuma. Ndi womwe uja umatha mabanja kwathu nthawi ya chiperoni, anthu akagona ndi mbaula atatseka mawindo. Aliyense wokulira ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzuzu kapena ku Ndirande anamvapo maliro otere, ndipo kawirikawiri pamalirowo anthu amanong'onezana za ufiti. Ku Buffalo, tsidya la malire ku America, chimphepo cha chipale cha mu December 2022 chinapha anthu oposa 40, ndipo utsi wotsekeredwa ndi chipale unali m'gulu la zomwe zinatenga miyoyo. Galimoto nayonso ndi chimodzimodzi: ukakhala mkati injini ikulira, paipi ya utsi itakwiririka, wadzitsekera ndi mbaula. Kuyambira usiku umenewo ndinkatchera foni kuti izindidzutsa maola awiri aliwonse chipale chikamagwa, n'kutuluka kukafukula kabowoko. M'mawa n'kupita kuntchito.

Komabe musaganize kuti chimene chinandigonjetsa ndi usiku umenewo. Ngozi yaikulu imabwera kamodzi, umakhala ndi nkhani yokamba. Chimene chimamaliza munthu ndi madzi, tsiku ndi tsiku.

Madzi akaundana amafufuma pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse, ndipo paipi ya pulasitiki, pampu ndi zolumikizira sizikambirana nawo. Ndinagula paipi yokhala ndi waya wotenthetsa mkati, yodula ndithu, koma madzi anakaundanira pa kachitsulo kolumikizira ku mpopi, pamene wayayo safika. Ndinakulunga pamenepo, anakaundanira pansi pa sinki. Ndinayamba kusiya makabati otsegula kuti kutentha kuzilowa, anakaundanira ku thanki. Zinali ngati kuthamangitsa nkhuku m'munda wa chimanga.

Ndiye pali nkhani ya chimbudzi, imene aja ojambula mavidiyo saitchula. Kalavani ili ndi thanki yolandira za kuchimbudzi, ndipo mwambo wake ndi woti valavu izikhala yotseka mpaka thanki itadzaza, kenako n'kukhuthula zonse pakamodzi. Ine, pofuna kuchenjera, ndinaisiya yotsegula kuti zizituluka zokha. Zamadzi zinkapitadi, zolimba n'kumatsala, ndipo mu January zonse zinasanduka mwala umodzi kuyambira m'thanki mpaka m'paipi. Palibe chimene ndikanachita kufikira kutafunda. Ndinagula ndowa ya chivindikiro. Sindifotokoza zambiri, owerenga ena ali pa chakudya.

Pamapeto pake ndinachita zomwe mdala uja anandiuza tsiku loyamba. Ndinakhuthula madzi onse m'mapaipi, n'kuthiramo mankhwala apinki aja oletsa kuundana opangira makalavani, osati a mu injini ya galimoto omwe ndi poizoni. Madzi akumwa ndi ophikira ndinkatunga kwa mdalayo m'mabotolo a malita 18, kusamba ndinkakasambira ku jimu ya m'tauni ndikaweruka. Tsiku lina m'mawa, ndikukoka mabotolo awiri pa kasileji ka ana kudutsa m'chipale, ndinaima n'kuyamba kuseka ndekha. Ndinawoloka nyanja yamchere, ndinalipira visa ndi tikiti ya ndege, kuti ndidzabwerere kumjigo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumjigo wa kwathu umapeza anthu ocheza nawo.

Madzi ena ndi omwe umapanga wekha. Munthu akamapuma amatulutsa chinyezi usiku wonse. Gasi akamayaka pa chitofu amatulutsanso madzi, ndipo kilogalamu imodzi ya gasi wa propane imapereka madzi opitirira lita imodzi ndi theka monga nthunzi. Tsopano onjezerani Mmalawi. Ife sitidya masangweji. Timatereka madzi a nsima, phala libwate, tivundule, nthunzi ili tolotolo. Lamlungu lina ndinasowa kwathu, ndinati ndiphike nyemba zouma zenizeni, za maola awiri pamoto. Pofika madzulo mawindo onse anali atachita madzi oundana mkati, mafelemu atayera, ndipo hita itayaka denga linayamba kudontha ngati nyumba ya udzu mu February. Patapita milungu ingapo ndinanyamula matiresi n'kupeza kunsi kwake kuli chuku chakuda, thabwa lili chinyontho. Suti yanga yopita nayo kutchalitchi inachita mawanga m'kabati. Mankhwala ake ndi opweteka mtima: uyenera kusiya kazenera ka padenga kotsegula pang'ono, kutanthauza kuti kutentha komwe wagula ndi ndalama zako ukukutulutsa dala. Ndinagulanso makina oyamwa chinyezi, nyemba n'kuyamba kudya za m'chitini. Agogo akanaona akanalira.

Apa ndiye ndiyambe kukwiya pang'ono, mundikhululukire. Aja a pa YouTube omwe amajambula kalavani ili m'chipale, khofi ali m'manja, galu ali pa bulangete, akugulitsa chithunzi. Ambiri mwa iwo zinthu zikavuta ali ndi kwa makolo kothawira, kapena khadi lolipirira hotela. Ndipo eni dziko enieni okhala m'makalavani chaka chonse, makamaka opuma pantchito, chisanu chikamayandikira amakoka kalavani ulendo wa ku Arizona, Florida kapena Texas, ena ku British Columbia kumene kuli kofundirako, n'kubwerera mu April. Iwo omwe anabadwira m'chipale amachithawa. Inu ndi ine, ndi pasipoti ya Malawi, ku America sitingalowe popanda visa, ndipo ntchito yathu siyenda nafe. Munthu wogona m'kalavani chifukwa wasankha ndi munthu wogonamo chifukwa lendi yamukanika ali m'zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kalavaniyo ikhale yofanana. Woyambayo zikamutopetsa amasiya. Wachiwiriyo amaumirira, amadula ngodya, amazimitsa hita kuti gasi afike Lachisanu, amagula kahita kotchipa kosatulutsa utsi kunja. Amene amafa ndi ameneyo.

Ndipo popeza ndayamba, ndimalize. Ife a kunja timakonda kudandaula kuti achibale kwathu amaganiza kuti kuno ndalama timatola pansi. Koma amawauza zimenezo ndani? Miyezi yonse ija amayi anga akaimba pa vidiyo ndinkakhala pakona imodzi yomweyo, pamene pali katani yabwino, foni nditaigwira moti ndowa isaoneke. Ndinkavula chipewa ndi jekete kaye ndisanayankhe, mano akugundana. Amayi ankati, "Kanyumba kanu n'kaukhondo, bambo." Ine n'kumati zikomo. Mlamu wanga woyang'anira ntchito yomanga akanena kuti simenti yakwera, ndinkatumiza osafunsa, chifukwa munthu wa ku Canada sanganene kuti alibe. Palibe anandituma kugona m'chitini. Ndinadzituma ndekha, kuti pa Khirisimasi anthu odutsa pamsewu aziloza kuti nyumba ya malata atsopano ija ndi ya mwana wa uje ali kunja. Ndikanawauza amayi zoona, ndikudziwa zomwe akanayankha. Akanati nyumba idikire. Sindinawafunse chifukwa yankho limenelo sindinkalifuna. Achimwene, mayi a kunyumba mwawaonetsa chithunzi cha kalavaniyo? Mwawauza za chimbudzi?

Chabwino. Ndibwerere ku zomwe munafunsa.

Za gasi ndi magetsi

Hita ya m'kalavani imadya gasi modetsa nkhawa. Botolo la mapaundi 30, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 14, linkanditha masiku awiri kapena atatu kukazizira kwenikweni. Botolo longa limenelo m'tauni kwathu banja limaphikira kopitirira mwezi. Ndipo gasi satha masana. Amatha 2 koloko usiku, ndiye uyenera kutuluka kukasintha botolo ndi zala zosamva kanthu. Okhalitsa amabwereka thanki yaikulu kwa ogulitsa gasi, galimoto n'kumabwera kudzadzaza, ndipo ndi njira yokhayo yanzeru. Onetsetsani kuti ndi propane, chifukwa butane wa m'tizitini ta masitovu a paulendo amasiya kutuluka pa madigiri 0 pomwepo. Propane amapirira mpaka cha m'ma madigiri 42 kunsi kwa ziro, koma mphamvu yake imayamba kufooka kale asanafike pamenepo, makamaka botolo likatsala pang'ono.

Mungati ndingogwiritsa ntchito mahita a magetsi. Soketi ya ma amp 30 imakupatsani mawati 3,600 basi. Hita imodzi imadya 1,500. Yatsani ziwiri, kenako ketulo, zonse zathima, ndipo switchi yake ili ku shedi, kuseri kwa chipale. Komanso hita ya magetsi imafunditsa inu nokha, pamene hita ya gasi m'makalavani ambiri ndiyo imatumizako mpweya wofunda kunsi kumene kuli mathanki. Ukapulumutsa gasi, waphulitsa paipi. Chinanso, hita ya gasiyo siyaka popanda batire, chifukwa fani yake imayendera ma volt 12. Batire wamba likazizidwa limachepa mphamvu, ndipo la lithium silifuna kutchajidwa kukazizira kupitirira madigiri 0 pokhapokha likhale ndi chotenthetsera chake. Za sola iwalani: mu December dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, ndipo mapanelo amakhala atafunda chipale.

Za denga ndi kunsi

Chipale chongogwa kumene n'chopepuka ngati ufa woyera, koma chikakhalitsa kapena chikanyowa chimalemera koopsa. Ndinawerengera tsiku lina: denga langa linali la masikweya mita pafupifupi 19, ndipo chipale chotsendereka cha theka la mita pamenepo chimayandikira matani awiri. Amenewo ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana ngati 38, pa denga lopangidwa ndi timatabwa ndi labala. Muzichotsa chikangogwa, mutaima pa makwerero, ndi chokokera cha pulasitiki. Ine tsiku lina ndinagwiritsa fosholo yachitsulo n'kung'amba labala, ndipo ndinadzadziwa mu April madzi atalowa m'khoma.

Kunsi muyenera kutchinga kuzungulira konse kuti mphepo isadutse, kuno amati kuiveka siketi. Ine ndinagwiritsa mabolodi a thovu louma, n'kumata mipata ndi tepi, ndipo kusiyana kwake ndinakumva ku mapazi tsiku lomwelo. Mabelo a udzu amafunditsanso koma amagwira moto msanga, ndipo amaitana mbewa. Mbewazo zinabwerabe ngakhale popanda udzu, zinadya buledi, zinatafuna waya. Ndinkagwira ziwiri kapena zitatu pa sabata. Ndinamuuza mdala uja kuti kwathu pa msewu wa M1 zimenezi ndi bizinesi, anyamata amaziimika pa ndodo n'kumagulitsa kwa a m'mabasi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati ndikuseka.

Mdala ameneyu ndimamukumbuka kwambiri. Sankalankhula zambiri, koma m'mawa uliwonse chipale chikagwa ndinkamva thalakitala ikubwera kudzatsegula njira mpaka pa chitseko changa, asanapite kwa ng'ombe zake. Ndalama ankakana. Popanda iyeyo galimoto yanga sikanatuluka pafamupo mpaka March, ntchito ikanatha, ndipo m'masamu anga a ku Toronto munalibe mzere wolembedwa kuti munthu wa thalakitala. Mutu umodzi susenza denga, tonse timaudziwa mwambiwu, koma pokonza mapulani opulumutsa ndalama timadziwerengera tokha ngati tili pachilumba.

Nditayamba kuganiza kuti ndapambana, kumapeto a March 2025, kunabwera mvula ya mtundu wina. Imagwa ngati mvula wamba koma ikangokhudza chinthu imaundana pomwepo. Inagwa kumapeto a sabata yonse, mitengo ndi mawaya zinavala galasi, nthambi zinkathyoka usiku ngati kulira kwa mfuti. Nyumba zikwi mazanamazana zinakhala opanda magetsi, Orillia ndi Peterborough analengeza kuti ali pa ngozi, ndipo madera ena anadikira kopitirira sabata. Kuzima kwa magetsi Mmalawi sikumudabwitsa, tinakulira momwemo. Koma kwathu magetsi akazima umayatsa kandulo, n'kukoleza makala panja, moyo n'kumapitirira. M'kalavani magetsi atazima batire langa linayendetsa fani ya hita usiku umodzi wokha, m'mawa linali litagona. Gasi analipo wodzaza, koma wopanda ntchito. Chitseko chinali chitamatidwa ndi madzi oundana, masitepe ali ngati sopo. Mdala anali ndi jenereta imodzi ndipo inkafunika ku pampu ya madzi a ng'ombe. Ndinagona masiku anayi pa sofa m'nyumba mwawo, pafupi ndi chitofu cha nkhuni, ndikudya chakudya chawo. Usiku wachitatu mayi aja anandifunsa mwaulemu kuti kodi amayi anga akudziwa momwe ndikukhalira. Ndinayang'ana moto.

Mu May ndinatsegula kope lija. Nditachotsa gasi, magetsi omwe ndinkamubwezera mdala, mabolodi, paipi yotenthetsa, makina a chinyezi, jimu, mafuta a galimoto oyendera mtunda wautali, pampu yatsopano, matiresi atsopano, ndi zomwe ndinaluza pogulitsa kalavani yodontha, zotsala sizinafike ngakhale theka la zomwe ndinkayembekeza. Malata anagulidwa, inde. Mawindo mpaka lero ndi otchinga ndi njerwa. Chifuwa chomwe ndinatenga ku chuku chija chinanditha miyezi iwiri.

Tsono yankho lanu ndi ili. Mukanakhala nokha, ndikanati n'zotheka, pokhapokha mutapeza malo ololedwa ndi lamulo okhala ndi magetsi odalirika ndi munthu wochotsa chipale, mutaveka siketi October asanathe, mutabwereka thanki yaikulu ya gasi, mutakhuthula mapaipi n'kuvomera moyo wa mabotolo, mutagula ma alamu awiri atsopano a utsi ndi mpweya woipa okhala ndi mabatire awoawo, ndiponso mutadziwiratu khomo lomwe mukagogode zikavuta. Jenereta ikhale kutali ndi mawindo, ndipo chitofu chisakhale chowothera. Koma ndi mwana wa zaka zitatu, ndi mayi ongotsika ndege mu January kuchokera ku Lilongwe, ayi. Mwana amakhala pansi, ndipo pansi pa kalavani ndi pamene pamazizira kwambiri. Mpweya woipa umamugwira msanga kuposa wamkulu, ndipo sadziwa kunena kuti mutu ukuwawa mwachilendo. Inu mukakhala kuntchito, mayiwo adzatsala okha pafamu ya eni, opanda galimoto, ndi ndowa. Funani chipinda cha pansi pa nyumba, kapena gawanani nyumba ndi banja lina. Funsani kutchalitchi ndi pa magulu a Amalawi a pa WhatsApp, malo otere amapezeka kudzera mwa anthu. Omanga kumudzi muwauze kuti aphimbe makoma ndi pulasitiki, ntchito iyambiranso chaka chamawa.

Mukaumirirabe kuti muyese nokha mpaka December banja lisanafike, ndilembereninso. Mabolodi anga a siketi akadali m'shedi kwa mdala uja, anati aliyense wowafuna akatenge. Fosholo ndinamubwezera. Ndowa ija ndinataya, mukagule yanu.